Galamala ili bwino, masipelo ali bwino, nanga mzere wofiirawu ndi wachiyani?

Teremu yachiwiri ikafika pakati, ana a Fomu 4 akayamba kumva kutentha kwa mayeso a MANEB, sipalephera kubwera mmodzi ku ofesi ya aphunzitsi, kope lili chotsegula, chala chili pa mzere wofiira. Chaka chino anali mtsikana wina wa cha ku Santhe. “Aphunzitsi, apa ndalakwitsa chiyani? Ndayang'ana mu dikishonale, mawu onsewa alimo.” Chiganizo chake chinali ichi: “My mother drank her medicine and did a big effort to go to the market although there was strong rain.”

Mwanayo sankanama. Masipelo onse anali olondola, aneni onse anali m'nthawi yoyenera, ndipo aliyense akanamva zimene amatanthauza. Komabe ndinali nditadula mizere itatu, pansi pa “drank”, “did” ndi “strong”. Mwini Chingerezi akanati “took her medicine”, “made a big effort” ndi “heavy rain”. Palibe lamulo la galamala limene mwanayo anaphwanya. Anangokhazika pamodzi mawu amene sayendera limodzi.

Ndaphunzitsa Chingerezi pa sekondale yoyendera kuno ku Kasungu kwa zaka zambiri, ndipo vuto limeneli limandiwawa kuposa ena onse chifukwa limagwira ana olimbikira. Waulesi amagwa ndi masipelo. Uyu wowerenga usiku ndi tochi, woloweza mawu 20 pa tsiku, ndi amene amatsakamira apa, kenaka n'kumadziona ngati wopanda nzeru. Chonsecho aliyense akudziwa kuti popanda kukhoza Chingerezi satifiketi ya MSCE situluka, ngakhale Masamu ndi Biology zitayenda bwino chotani.

Gwero la vutoli

Tiyambire kwathu. Zovala timachapa, mbale timatsuka, m'manja timasamba, kumaso timasukusula. Mzungu wophunzira Chichewa ali ndi mawu amodzi okha a zonsezi, “wash”, ndiye tsiku lina adzakuuzani kuti akukachapa m'manja. Mudzamumva ndithu, koma khutu lidzakana. Akakufunsani chifukwa chake, mulibe yankho lina koma lakuti sitimatero. Chimanga timathyola kapena kukolola, mtedza timakumba, nsima timavundula ndi kupakula, madzi timatunga, mtolo timasenza, mwana timabereka kumbuyo. Palibe anatiphunzitsa zimenezi pa bolodi. Tinamva mawuwo ali awiriawiri kuyambira tili akhanda, ndipo anakhazikika m'mutu ali awiriawiri chomwecho.

Chingerezi nacho chili chimodzimodzi. Akatswiri a chiyankhulo amatcha kuyendera limodzi kwa mawuku “collocation”. Vuto lathu ndi lakuti Chingerezi tinachilandira mawu amodziamodzi, pa mndandanda, uku Chingerezi uku Chichewa: “drink” kumwa, “strong” champhamvu, “do” kuchita. Tikafuna kumanga chiganizo timatenga njerwa za Chingerezi n'kuzisanja pa pulani ya Chichewa.

Tsimikizani kaye kuti matenda ndi amenewa

Musathamangire mankhwala musanadziwe chimene chikudwala. Chiganizo chikadulidwa mzere, yang'anani masipelo kaye, kenaka nthawi ya mneni ndi kugwirizana kwake ndi mwininkhani. Ziwirizi zikakhala bwino, chitani ichi: bwezerani chiganizocho m'Chichewa liwu ndi liwu, osasintha kanthu. Chikagwera m'Chichewa bwinobwino ngati chinabadwira momwemo, mwapeza wakuba. “Drank her medicine” akubwerera kukhala “anamwa mankhwala” popanda kukakamiza. “Strong rain” ndi “mvula yamphamvu” ndendende. Chimenecho ndi Chichewa chovala jekete la Chingerezi. Njira iyi sigwira nthawi zonse, pakuti pali malo ambiri amene ziyankhulo ziwirizi zimagwirizana, koma imakulozerani pamene muyenera kukafufuza.

Mneni mmodzi kwathu, aneni anayi kapena asanu kwawo

Apa ndi pamene pamagwera anthu ambiri, choncho ndikhalitsapo.

Kumwa. Madzi, tiyi ndi thobwa zimalola “drink”. Mankhwala amafuna “take”: “Take two tablets after meals.” Phala, limene ambirife timati timamwa, iwo amati “eat porridge” kapena “have porridge”.

Kumva ndiye kumasokoneza koposa, chifukwa kwathu khutu, khungu, mphuno ndi mutu zonse zimamva. Phokoso ndi “hear a noise”. Ululu ndi “feel pain”. Kuzizira ndi “feel cold”. Fungo ndi “smell”: “I can smell smoke.” Masamu akakuvutani, simunena “I am not hearing”, koma “I don't understand.” Mwana wosamva si “a child who does not hear”, ameneyo ndi wogontha, wosamva ndi “a disobedient child” kapena “a child who doesn't listen”. Ndinakhalapo pa chipatala china kudikira m'bale wanga, ndipo ndinamva bambo wina akuuza dokotala wachilendo kuti “I am hearing pain in the chest.” Dokotalayo anayamba kumufunsa za m'makutu. Panapita kanthawi asanamvane, ndipo ine mpaka lero chiganizo chimenecho ndimachilemba pa bolodi chaka chilichonse.

Kuyimba nako: nyimbo ndi “sing a song”, gitala ndi “play the guitar”, ng'oma ndi “play” kapena “beat the drum”, belu ndi “ring the bell”, foni ndi “make a call” kapena kungoti “call her”. Kukwera: mtengo ndi phiri ndi “climb”, njinga ndi “ride a bicycle”, basi ndi “get on the bus” pamene mukulowa, koma “take a bus” pamene mukunena za ulendo wonse, monga “I took a minibus from Kasungu to Lilongwe.” Mitengo ya zinthu ikakwera amati “prices have gone up” kapena “prices have risen”. Wailesi timatsegula ndi kutseka, koma iwo “open” ndi “close” amasungira zitseko, mabuku ndi mabotolo. Wailesi, magetsi ndi foni ndi “switch on”, “switch off”, kapena “turn on”, “turn off”.

Kubwereka kuli ndi msampha wakewake. Timati “ndabwereka khasu kwa amalume”, timatinso “tandibwerekani khasu”, mneni yemweyo mbali zonse ziwiri. N'chifukwa chake m'kalasi iliyonse mumamveka “Borrow me your pen.” Chothandiza ndi kutsatira kumene chinthucho chikupita. Chikamabwera kwa inu, inuyo mukuchita “borrow”, ndipo mnzake ndi “from”: “I borrowed a hoe from my uncle.” Chikamachoka kwa mwini, mwiniyo akuchita “lend”: “My uncle lent me a hoe.” Popempha muli ndi njira ziwiri zosavuta, “Lend me your pen” kapena “May I borrow your pen?” Lowezani ziwirizo monga zilili, musaziphwasule.

Ndiye pali kudya ndalama. Mu chimangirizo cha katangale mwana amalemba “The treasurer ate the money.” M'Chichewa ndi chiganizo chokoma kwambiri, chimaluma. M'Chingerezi cholembedwa munene chimene chinachitikadi: “stole the money”, “misused the funds”, kapena ngati anali wosunga chuma amene anaba zomwe anasungitsidwa, “embezzled the funds”.

“Make”, “do” ndi anzawo

Mabuku ambiri amapereka lamulo lakuti “make” ndi wa chinthu chimene mukuchipanga kuti chioneke, pamene “do” ndi wa ntchito imene mukugwira. Lamuloli limathandiza poyambira: “make a chair”, “make tea”, “do your homework”, “do the washing”. Koma musalikhulupirire mpaka mapeto. Poyala pabedi simupanga bedi latsopano, komabe amati “make the bed”. Kulakwitsa ndi “make a mistake”, pamene kuwononga ndi “do damage”. Kuchita malonda ndi “do business”, koma phindu lake ndi “make a profit”, kuluza ndi “make a loss”, kupeza ndalama ndi “make money”. Amati “make a decision”, “make a promise”, “make noise”, “make progress”, “make friends”, kwinaku akuti “do your best”, “do someone a favour”, “do research”, “do harm”. Mwana akandifunsa chifukwa chake, ndimamubwezera funso: bwanji timati kuwomba m'manja, kuwomba mfuti, mphepo ikuwomba? Amaseka, ndipo amasiya kusakasaka lamulo pamene palibe.

Aneni ena ang'onoang'ono amene amanyamula katundu wolemera ndi “take”, “have”, “give”, “pay”, “keep” ndi “tell”. Kujambula chithunzi ndi foni ndi “take a photo”; mukati “draw” mwagwira pensulo. “Take a seat”, “take care”, “take part”. “Have a bath”, “have lunch”, “have an accident”. “Give advice”, “give a speech”. “Pay” si wa ndalama zokha: “pay attention”, “pay a visit”. Lonjezo mumachita “make”, kenaka “keep” kapena “break”. Bodza, choonadi ndi nthano zonse ndi za “tell”: “tell a lie”, “tell the truth”, “tell a story”, pamene pemphero ndi “say a prayer”. Pa “say” ndi “tell” pali kachizindikiro kosavuta: “tell” amakonda kutsatidwa ndi munthu wouzidwayo, “She told me”, pamene “say” satero. “He said me” ndi cholakwika. Ndi “He told me” kapena “He said to me”.

Afotokozi: chachitali n'chotani?

Tengani tsinde lathu lakuti -tali. Munthu wamtali, msewu wautali, phiri lalitali, dzenje lalitali, kutali. Chingerezi chimagawa: “a tall man”, “a long road”, “a high mountain”, “a deep hole”, “far”. Mwana wofotokoza phiri la Kasungu akalemba “a long mountain” ndiye kuti waligoneka pansi, ndipo msewu wa M1 sungakhale “tall”.

Mphamvu nayo imagawidwa. Mvula ndi “heavy”, mphepo ndi “strong”, injini ndi “powerful”. Tiyi wa masamba ambiri ndi “strong tea”, wa madzimadzi ndi “weak tea”. Magalimoto akathithikana ndi “heavy traffic”. Wosuta kwambiri ndi “a heavy smoker”. Kuno kwa alimi a fodya chiganizo chimene ndimachidula chaka ndi chaka ndi ichi: “The price of fertiliser is very expensive.” Chinthucho ndiye chimakhala “expensive” kapena “cheap”, mtengo wake umakhala “high” kapena “low”. Choncho sankhani chimodzi: “Fertiliser is expensive” kapena “The price of fertiliser is high.” Zokolola zikachuluka ndi “a good harvest” kapena “a bumper harvest”, zikavuta ndi “a poor harvest”.

Palinso chizolowezi chothira “very” paliponse ngati mchere. Sicholakwika kwenikweni, koma chimangirizo chimazizira. Chingerezi chili ndi aonjezi amene anakwatirana kale ndi mawu ena: “seriously ill”, “badly damaged”, “deeply sorry”, “fully aware”, “highly recommended”, “fast asleep”. “The bridge was badly damaged by the floods” chimamveka ngati cha munthu wowerenga.

Timawu ting'onoting'ono towonjezera ndi tosowa

“We discussed about the problem.” Ichi chimalembedwa ngakhale ndi akuluakulu a m'maofesi. Chili ndi magwero awiri. Loyamba ndi Chichewa: timakambirana za chinthu, ndiye “za” ameneyo amafuna malo. Lachiwiri ndi Chingerezi chenichenicho, ndipo ana akalimvetsa vuto limachepa msanga. Pa mawu ena, dzina limatenga mperekezi, koma mneni wake satenga. Amati “a discussion about the problem” koma “discuss the problem”. Amati “a request for money” koma “request money”. Amati “put emphasis on reading” koma “emphasise reading”. Khutu linamva dzina lili ndi mperekezi wake, kenaka linamusamutsira kwa mneni. Enanso osafuna mperekezi ndi “reach”, “enter” polowa m'chipinda, ndi “comprise”: “We reached Chamama at noon”, “She entered the room.” “Cope” amafuna “with” yekha, popanda “up”.

Mbali inayo ndi ya aneni amene sayenda opanda mperekezi: “listen to”, “wait for”, “reply to”, “depend on”. Ndipo “ndi” wathu si “with” nthawi zonse. Kukwatirana ndi munthu ndi “married to”; mukalemba “married with” wowerenga akudikira kumva za ana, monga mu “married with two children”. Amatinso “good at Mathematics”, “interested in farming”, “afraid of snakes”, “congratulate her on passing”. Apa palibe nzeru ina koma kuloweza mawu pamodzi ndi mperekezi wake ngati liwu limodzi. Musalembe “depend” m'kope mwanu. Lembani “depend on”.

“Ndayang'ana mu dikishonale koma sizinathandize”

Nthawi zambiri ndi chifukwa chakuti mwayang'ana liwu lolakwika, kapena mwasiyira panjira. Mtsikana uja anatsegula pa “drink”, anapeza kuti ndi kumwa, n'kutseka buku. Akanatsegula pa “medicine”. Lamulo langa m'kalasi ndi ili: yang'anani dzina, osati mneni. Dzina ndi limene mukulidziwa kale, mankhwala, mvula, khama; chimene mukusowa ndi mnzake woyenda naye. Pansi pa dzinalo dumphani tanthauzo, werengani ziganizo zachitsanzo. Ana ambiri amaziona ngati zokongoletsa tsamba, pamene chuma chonse chili mmenemo.

Dikishonale yomasulira Chichewa ndi Chingerezi ndi yabwino pa ntchito yake, koma pa vuto ili mukufunika ija ya ophunzira ya Chingerezi chokhachokha. Imene imapezeka m'masukulu ambiri, Oxford Advanced Learner's Dictionary, inachokera m'manja mwa A. S. Hornby, mphunzitsi wa ku England amene ankaphunzitsa ku Japan. Inasindikizidwa koyamba ku Tokyo mu 1942, kenaka Oxford inaitulutsa mu 1948. Ndimawauza ana zimenezi dala: bukuli analemba munthu amene ankaona ophunzira ake, anthu anzeru, akusanja mawu a Chingerezi pa pulani ya chiyankhulo chawo monga momwe ife timachitira, ndipo n'chifukwa chake analidzaza ndi zitsanzo. Ilikonso ina ya mawu oyendera limodzi okhaokha, Oxford Collocations Dictionary, imene inatuluka mu 2002. Mukaipeza pa ogulitsa mabuku akale, musaisiye.

Amene muli ndi foni ya intaneti, madikishonale a ophunzira a Oxford, Cambridge ndi Longman amawerengeka ulere, ndipo sadya bandulo yambiri. Njira ina imene anthu amakonda, yolemba mawu awiriwo pa Google kuti aone ngati ena anawalembapo, muichite mosamala. “Discuss about” mudzamupeza malo ambirimbiri, chifukwa olakwitsa ndi ochuluka pa dziko lonse. Kupezeka sikutanthauza kulondola. Onani kuti walembayo ndani. Koma za pa Facebook ndi WhatsApp musaphunzirirepo.

Kope la mawu limene silikubala zipatso

Pafupifupi mwana aliyense wolimbikira ali ndi kope la mawu atsopano, ndipo pafupifupi onse analikonza molakwika: mzere pakati, kumanzere liwu la Chingerezi, kumanja tanthauzo. Kope lotere limakuthandizani kuwerenga, koma polemba limakusiyani pa msewu.

Likonzeni chonchi. Pamwamba pa tsamba lembani dzina limodzi limene mumaligwiritsa ntchito kawirikawiri, tinene “exam”. Pansi pake sonkhanitsani aneni ake: “take”, “sit”, “pass”, “fail”, “prepare for”. Kenaka afotokozi ake: “final”, “difficult”, “national”. Pomaliza, ndipo apa ndiye pofunika, lembani chiganizo chimodzi kapena ziwiri zonena za moyo wanu weniweni. Chitsanzo cha m'buku chonena za sitima ya pansi pa nthaka ku London chimauluka m'mutu usiku womwewo. Koma “My uncle made a profit when he sold his tobacco at Chinkhoma” chimakhala, chifukwa amalumewo mukuwadziwa ndipo mabelo munathandiza nawo kukweza. “The Bua floods when there is heavy rain.” “My sister takes her medicine every morning.” Mawu 5 pa tsiku olembedwa motere amaposa 20 a pa mndandanda.

Kopeza mawuwo sikusowa. Nyuzipepala yakale ya The Nation kapena The Daily Times, ngakhale ija mwakutira nayo makope, ndi munda. Tengani nkhani imodzi ndi pensulo, ndipo m'malo mosaka mawu ovuta, sakani mawu osavuta amene ayenda awiri: “hold a meeting”, “raise concerns”, “appear in court”, “grant bail”, “sustain injuries”, “launch a campaign”. Liwu lililonse pamenepo mukulidziwa kale. Chimene simunachizindikire ndi chakuti msonkhano amachita “hold”, osati “make”. Atolankhani athu nawonso nthawi zina amapunthwa, choncho chimene chakukayikitsani katsimikizeni mu dikishonale.

“Ndimadziwa, koma pa mayeso ndimalakwitsabe”

Izi n'zoona ndipo si ufiti. Kuzindikira cholondola mukachiona ndi luso lina, kuchitulutsa nokha nthawi ikuthamanga ndi luso linanso. Mukapanikizika, mutu umathawira ku njira imene unazolowera, ndipo njira imeneyo ndi ya Chichewa. Kungowerenga kope mobwerezabwereza sikuchiza zimenezi. Phimbani mbali ya aneni ndi dzanja, yang'anani dzina lokha, nenani mokweza mnzake, kenaka vundukulani. Bwino koposa khalani awiri: wina atchule “mistake”, mnzake ayankhe “make”, wina “attention”, mnzake “pay”, mwachangu ngati masewera. Ana anga amachita zimenezi poyenda kubwerera kunyumba, ndipo mtunda umafupika. Tsamba limene mwaphunzira lero mulibwereze mawa, kenaka pakatha sabata, kenaka pakatha mwezi. Zimene mwalakwitsa ziikeni chizindikiro kuti zibwere kawirikawiri kuposa zinzake.

Aphunzitsi anzanga, pano pali mbali yathu. Kudula mzere wofiira popanda kulemba mnzake woyenera wa liwulo ndi kumusiya mwana mu mdima. Adzasintha “did” kukhala “performed” n'kubweranso. Ndikudziwa kuti makope ndi ambiri ndipo kalasi imodzi imadzaza mpaka pakhomo. Chimene chimanditheka ine ndi kutola ziganizo 5 zolakwika mofanana kuchokera m'makope onse, kuzilemba pa bolodi popanda mayina a eni ake, n'kuzikonza pamodzi kwa mphindi 10.

Mawu akuluakulu

Mwana akauzidwa kuti Chingerezi chake n'chosakoma, amathamangira mawu aatali, poganiza kuti liwu lofanana tanthauzo lingalowe paliponse pamene pali linzake. Sizitero. “Commit” amayenda ndi zoipa zazikulu, “commit a crime”, “commit murder”; simungamuike pa ntchito yabwino. “Cause” amakonda mavuto: “cause an accident”, “cause damage”, “cause disease”. Wina analemba “The new borehole has caused happiness in our village”, ndipo ngakhale galamala ili bwino, chimamveka ngati mjigowo wapalamula. “Has brought happiness” ndiye chimakhala. “Purchase” ndi wa m'makalata a ofesi, sagulira mandasi. Liwu laling'ono lokhala ndi mnzake woyenera limapeza malikisi kuposa lalikulu losochera.

Nanga Chingerezi chathu cha kuno?

Funso ili limabwera, ndipo ndi labwino. Tonse timati “write exams”, ndipo si ife tokha. Ku South Africa ndi maiko ena amateronso, pamene ku Britain amati “take” kapena “sit”. Timati “flash me”, ndipo aliyense pa depoti amamva. Ine sindiona chochititsa manyazi pamenepo. Chiyankhulo chikakhala pa malo zaka zoposa 100 chimamera mizu ya pamalopo, ndipo amene amaseka mnzake chifukwa cha zimenezi amangomutseka pakamwa. Koma mwana ayenera kudziwa kuti ali ndi malaya awiri, a kumunda ndi a ku ukwati. Pocheza valani amene mukufuna. Pa pepala la mayeso ndi pa kalata yopita kwa munthu amene sakukudziwani, sankhani mawu amene angalandiridwe kulikonse.

Kalata yofunsira ntchito ndiye imafuna chisamaliro chapadera, chifukwa ndi yaifupi ndipo cholakwika chilichonse chimaonekera. Ntchitoyo mumachita “apply for”, kampaniyo “apply to”. Zofunika pa ntchito mumachita “meet the requirements”. Luso la pa ntchito ndi “gain experience”, satifiketi ndi “obtain” kapena “hold a certificate”, mayeso a pakamwa ndi “attend an interview”. Potseka ndi “I look forward to hearing from you”, osati “to hear”; “to” ameneyu ndi mperekezi, ndiye amatsatidwa ndi mneni wothera ndi -ing. Anyamata ambiri amene anamaliza sukulu amandipeza pa boma ndi makalata awo, ndipo mzere womalizawu ndi umene ndimaukonza kawirikawiri kuposa ina yonse.

Mukakhala m'chipinda cha mayeso, dikishonale palibe

Siyani mphindi 5 kumapeto kwa chimangirizo zoti muwerenge aneni ndi aperekezi okha. Paliponse pamene mwalemba “do”, “make”, “strong”, “big”, “about” kapena “with”, imani, bwezerani m'Chichewa monga ndanenera kuja, muone ngati si jekete chabe.

Mukakayika ndipo yankho silikubwera, izungulireni mfundoyo. Mayina ambiri ali ndi mneni wawo amene safuna mnzake. Simukukumbuka ngati ndi “do a decision” kapena “make a decision”? Lembani “decide”. Dandaulo lakuvutani? “Complain”. Malangizo? “Advise”. Ulendo wokaona munthu? “Visit”. Mvula ija, ngati “heavy” wathawa, “It rained a lot” ndi chiganizo cholondola chimene palibe angachidule. Otsala ndi mayina ochepa amene alibe njira yachidule yotere, monga “mistake”, “effort”, “noise”, “homework” ndi “favour”. Atatu oyambawo ndi a “make”, awiri otsalawo ndi a “do”, ndipo amenewa alembeni pa tsamba loyamba la kope lanu usiku uno.